Hagi wa ku Romania: anali dolo weniweni kapena ndi nthano za madala?

Kamnyamata ka ku Ndirande: Akuluakulu mundithandize. Usiku wathawu tulo titandithawa ndinapeza kavidiyo pa YouTube ka World Cup ya 1994, Romania ndi Colombia. Pali kamunthu kakafupi kovala jezi yachikasu ya nambala 10, kali kumanzere kwenikweni pafupi ndi mzere, kutali ndi golo. Kangodzutsa mutu kamodzi, kamenya ndi phazi lamanzere, mpira uwo pamwamba pa goloboyi mpaka kukagwera mu ukonde kungodya yakutali. Ndabwereza kasanu. Funso langa ndi lakuti, munthuyu ankafunadi kugoletsa kapena ankaponyera mnzake mpira n'kungolowa mwamwayi? Chachiwiri, amalume anga amati Gheorghe Hagi ameneyu ankafanana ndi Maradona. Koma ndikamaona matimu amene anasewera ndikupezamo Brescia ya ku Italy ndi Galatasaray ya ku Turkey. Dolo weniweni angakasewere ku Brescia?

Gunner Mpaka Kale: Unali mpira woponyera mnzake umenewo, aise. Mphepo inangomuthandiza. Nkhani yatha, tiyeni tikambe zina.

Madala a ku Chirimba: Mwana wanga, usamvere a Gunner. Iwowa ali ndi bala la chaka cha 2000 lomwe silinapole, tifikako. Bwerezanso kavidiyoko koma usayang'ane mpira, uyang'ane mutu wa Hagi asanamenye. Akuona kuti goloboyi Óscar Córdoba wachoka pamzere. Ndiye uone m'bokosimo ngati muli wa Romania amene mpirawo ukanamupeza. Ine masewerowo sindinawaone tsiku lake, pajatu nthawi imeneyo kwathu kuno kunalibe wailesi ya kanema yathuyathu, TVM inadzayamba mu 1999. Tinkamvera pa wailesi usiku, kenako patapita masiku kunkabwera matepi a vidiyo, n'kumalipira kandalama pakhomo kukaonera m'kanyumba kamdima kodzaza thukuta. Chigoli chimenecho mwini vidiyo anachibweza katatu chifukwa anthu tinakana kuti tepi ipitirire.

Aphunzitsi Opuma: Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene anena a Madala. Chikanakhala chigoli chokhacho cha mtundu umenewu, ndikanavomera kuti ndi mwayi. Koma ali ku Real Madrid anagoletsa Osasuna ali chapafupi ndi pakati pa bwalo. Kenako mu December 1994, ali ku Barcelona, anagoletsa Celta Vigo ali pakati penipeni pa bwalo, mpira utangoyambidwanso, kunja kuli nkhungu yoti goloboyi ankavutika kuona. Mwayi sumubwerera munthu katatu mwa njira imodzimodzi. Chinali chizolowezi chake kusuzumira kumene goloboyi waima.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Chabwino, za chigoli ndamva. Nanga za Brescia?

Aphunzitsi Opuma: Kuti umvetse za Brescia uyambe kaye wamvetsa dziko limene anakuliramo. Hagi anabadwa pa 5 February 1965 m'mudzi wa Săcele, kufupi ndi mzinda wa Constanța womwe uli m'mbali mwa nyanja ya Black Sea. Anayambira ku Farul Constanța, mu 1983 n'kupita ku Sportul Studențesc ya ku Bucharest, ndipo chaka chomwecho, ali ndi zaka 18 zokha, anavala jezi ya dziko lake koyamba pokumana ndi Norway. Ku Sportul, timu yomwe sinali m'gulu la zimphona ziwiri za dzikolo, anakhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi zaka ziwiri zotsatizana, 1985 ndi 1986. Kumbukirani kuti sanali wakutsogolo weniweni, ankasewera kumbuyo kwa omwetsa zigoli.

Tsono Romania ya nthawi imeneyo inali m'manja mwa Nicolae Ceaușescu, ndipo wosewera samangonyamuka kupita kunja chifukwa timu ya ku Italy yamufuna. Boma ndi limene linkalola kapena kukana. Steaua inali timu ya asilikali, Dinamo inali ya unduna woona za m'dziko, ndipo matimu awiriwa ankatola osewera abwino onse. Steaua itatenga European Cup mu 1986 pogonjetsa Barcelona pa mapenate ku Seville, tsiku limene goloboyi Helmuth Duckadam anagwira mapenate anayi onse, Hagi anali asanafikeko. Anamubwereka kumayambiriro kwa 1987 kuti akasewere masewero amodzi okha, a Super Cup ndi Dynamo Kyiv ku Monaco. Anagoletsa chigoli chokhacho cha tsikulo pa friikiki, ndipo ku Sportul sanabwererenso. Amene anali ndi mphamvu anangomusunga basi.

Nachisale ku Glasgow: Kubwereka kwa mtundu umenewo timakudziwa, kuli ngati mnansi wobwereka khasu nthawi ya dzinja.

Aphunzitsi Opuma: Ndendende, mayi. Ku Steaua anatenga ligi katatu, anafika mu semifainolo ya European Cup mu 1988, n'kufika mu fainolo mu 1989 komwe AC Milan inawathambitsa 4-0 ku Camp Nou, Gullit ziwiri, Van Basten ziwiri. Ceaușescu anagwa mu December 1989, zitseko n'kutseguka. Ndiye kuti Hagi anatuluka m'dziko lake ali ndi zaka 25, nyengo zisanu ndi zitatu za mpira wa akuluakulu atazithera kale kumene dziko lonse silinkamuona kawirikawiri. Mnzake Miodrag Belodedici sanadikire, anathawira ku Yugoslavia mu 1988, ndipo anadzatenganso European Cup ndi Red Star Belgrade mu 1991.

Gunner Mpaka Kale: Mbiri yabwino aphunzitsi, koma funso la mwanayu simunayankhe. Zitseko zitatseguka anapita ku Real Madrid mu 1990. Palibe Ceaușescu kumeneko. Anakhalako zaka ziwiri, ligi sanatenge. Anapita ku Barcelona mu 1994, zaka ziwirinso, ligi sanatenge. Matimu awiri akuluakulu a ku Spain anamuyesa n'kumutaya. Tinene zoona, munthuyu ankawala pa timu yaing'ono pomwe aliyense amamugwadira. Akafika pakati pa madolo anzake ankazilala.

Blues wa ku Area 25: Lero ndigwirizana ndi wa Arsenal, zomwe sizichitikachitika. Kwa ine wa ku Romania amene anaonetsa kuti angathe kulimba pa timu yaikulu chaka ndi chaka ndi Dan Petrescu. Zaka zisanu ku Chelsea, FA Cup ya 1997, Cup Winners' Cup ya 1998. Munthu anaikonda timu mpaka mwana wake kumupatsa dzina loti Chelsea.

Madala a ku Chirimba: Chelsea ya 1997 mukuitchula kuti timu yaikulu? Ana inu mumandiseketsa.

Aphunzitsi Opuma: A Gunner, mfundo yanu ili ndi mutu, sindikuitaya. Koma tiyang'ane Real Madrid imene anaipeza. Pa zaka ziwiri zimenezo anaphunzitsidwa ndi makochi anayi, Toshack, Di Stéfano, Antić ndi Beenhakker. Chaka choyamba chinamuvutadi, zimenezo palibe angatsutse. Chachiwiri anasewera bwino, ndipo ligi inali m'manja mwawo mpaka tsiku lomaliza ku Tenerife mu June 1992. Real inatsogola 2-0, chigoli chachiwiricho anagoletsa ndi Hagi yemweyo pa friikiki. Kenako timu inagwa, n'kugonja 3-2, chikho n'kupita ku Barcelona. Akanapambana tsiku limenelo bwenzi lero mukunena kuti anatenga La Liga ndi chigoli chake. Kodi kulephera kwa otchinga kumbuyo tikuike pamutu pa iye?

Ku Barcelona vuto linali lina. Malamulo a nthawi imeneyo ankalola osewera akunja atatu okha m'bwalo nthawi imodzi. Iye anapeza Koeman, Stoichkov ndi Romário. Chaka chotsatira kunabwera Figo, Prosinečki, Kodro ndi Popescu. Komanso Johan Cruyff ankafuna kuti aliyense aime pamalo pake, mpira uziyenda mwa dongosolo. Hagi sanali munthu woti umuuze kuti ima apa usasunthe.

Gunner Mpaka Kale: Ndiye mwavomera nokha. Wosewera amene sangamvere kochi ngati Cruyff ali ndi chilema.

Aphunzitsi Opuma: Ndavomera kuti anali ndi chilema, inde. Chimene ndikukana n'choti chilemacho chinali kuchepa luso. Pali osewera ena amene amakhala ngati njerwa, ukhoza kuwaika pakhoma lililonse. Ena ali ngati mzati wapakati, nyumba umaimanga mowazungulira, ndipo ukawaika pakona amangotchinga njira. Real ndi Barcelona anali kale ndi mizati yawo.

Wa ku Chipata: Odi kuno anzanga a ku Malawi, ndalowa mochedwa. Ife World Cup ya 1994 tinaionera ndi mtima wowawa. Mukumbukira kuti timu yathu inathera m'nyanja ku Gabon mu April 1993, ndipo timu yatsopano inatsala pang'ono kupita ku America, tinagwa 1-0 ndi Morocco ku Casablanca pa masewero omaliza. Ndiye pokhala opanda timu yathu, kunyumba kwathu tinatola Romania. Chifukwa chake chinali Gheorghe Popescu, amene ankasewera limodzi ndi Kalusha Bwalya ku PSV Eindhoven. Atate anga ankati mnzake wa Kalu ndi wathu. Tinali anthu oposa khumi pabalaza, TV yaing'ono ya black and white, ana pansi, akulu pamipando. Usiku wa Argentina atate anaimirira mphindi zonse za chigawo chachiwiri, amayi akuwakalipira kuti akutchinga.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Ya Argentina ija ndaingoona zigoli zokha. Inali bwanji?

Madala a ku Chirimba: Ipeze yonse mwana wanga, mphindi 90 zonse, usaonere zodulidwa. Ine pa masewero onse a World Cup amene ndaona, awa ali m'gulu la atatu oyamba. Linali tsiku la 3 July ku Rose Bowl, ndime ya matimu 16. Argentina inalibe Maradona, anali atachotsedwa kale m'mpikisano atamupeza ndi mankhwala oletsedwa. Koma musaiwale kuti nayo Romania inalibe Florin Răducioiu, womwetsa zigoli wawo, anali pa chilango cha makadi. Kochi Anghel Iordănescu anangoika Ilie Dumitrescu yekha kutsogolo, ena onse kumbuyo kudikira kuti Argentina ibwere.

Dumitrescu anagoletsa choyamba pa friikiki yochokera kumbali, Batistuta anabweza pa penate. Tsono chachiwiricho ndi chimene ine ndimachikonda kuposa cha Colombia chija. Hagi ali kumanja, wapatsirana ndi mnzake, otchinga a Argentina amuzungulira. Mpata wake unali wochepa ngati khomo la khola la nkhuku. Anangoukankha pansipansi mpirawo n'kudutsa pakati pawo, Dumitrescu n'kungougusa pang'ono kulowa. Chachitatu chinachokera pa kona ya Argentina yomwe, Dumitrescu anathamanga nawo theka la bwalo, n'kuima kudikira, anthu tikukuwa kuti menya, iye osamenya, mpaka Hagi anatulukira kumanja n'kuwomba ndi phazi lakumanja, phazi limene anthu ankati ndi lokwerera basi. Balbo anabweza chimodzi koma zinathera 3-2.

Nachisale ku Glasgow: Ndipo apa ndi pamene funso la Brescia likukoma. Munthu amene anachita zimenezi anapita ku America akuchokera mu Serie B, ligi yachiwiri ya ku Italy. Brescia inali itatuluka mu Serie A mu 1993, iye n'kukhalabe, n'kuibwezeretsa chaka chotsatira. Anapitako mu 1992 chifukwa kochi anali Mircea Lucescu wa kwawo, ndipo kunalinso Răducioiu, Sabău ndi Mateuț. Komanso achimwene, Serie A ya 1992 si ya lero. Nthawi imeneyo osewera apamwamba a dziko lonse ankakhamukira ku Italy, ngakhale timatimu tapansi tinali ndi akatswiri.

Blues wa ku Area 25: Koma asisi musabise kuti mu gulu lomwelo Switzerland inawaswa 4-1.

Nachisale ku Glasgow: Sindikubisa. Anagonjadi 4-1 m'bwalo lofoleredwa lija la Pontiac Silverdome, ndipo chigoli chimodzicho anagoletsa ndi Hagi, chapatalinso. Kenako anagonjetsa eni bwalo a USA 1-0 ndi chigoli cha Petrescu wanuyo, n'kutsogola gulu.

Wa ku Chipata: Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi Sweden. Mu kotafainolo ku Stanford, Brolin anagoletsa pa friikiki yochenjera ija, Răducioiu anabweza kutatsala mphindi ziwiri, n'kugoletsanso mu nthawi yowonjezera. Sweden inatsala ndi anthu khumi, Schwarz atapatsidwa kadi yofiira. Tonse tinati basi, semifainolo ndi Brazil. Kutatsala mphindi zisanu mpira wam'mwamba unabwera, goloboyi Prunea anatuluka osaupeza, Kennet Andersson n'kuumenya ndi mutu. Pa mapenate Hagi anagoletsa yake, koma goloboyi wa Sweden Ravelli anagwira ya Petrescu ndi ya Belodedici. Atate anazimitsa TV osalankhula ndi munthu.

Blues wa ku Area 25: Za penate ya Petrescu zija simukanatchula, amwene.

Madala a ku Chirimba: Mwayamba nokha kumutamanda. Chaka chimenecho Hagi anasankhidwa mu timu ya osewera abwino a mpikisano wonse, ndipo pa Ballon d'Or, mphoto ya wosewera wabwino wa chaka, anakhala wachinayi, kumbuyo kwa Stoichkov, Baggio ndi Maldini. Uzani ana a lero kuti wosewera amene wathera theka la chaka mu ligi yachiwiri wakhala wachinayi pa Ballon d'Or, adzati mwaledzera.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Nanga bala la a Gunner la 2000 lija ndi lotani? Mwandisiya m'malere.

Gunner Mpaka Kale: Ndifotokoza ndekha asanandinamizire. 17 May 2000, fainolo ya UEFA Cup ku Copenhagen, Arsenal ndi Galatasaray. Tinali ndi Henry, Bergkamp, Overmars, Vieira, Petit, Kanu analowa chigawo chachiwiri. Ndinaonera pa malo ena omwera ku Zomba, nditavala jezi yobwereka, nditauza kale aliyense kuti chikho ndi chathu. Keown anaphonya ali pakamwa penipeni pa golo. Mu nthawi yowonjezera Henry anamenya ndi mutu, goloboyi wawo Taffarel anauluka n'kuuchotsa, mpaka pano sindimvetsa. Zinathera 0-0. Pa mapenate Šuker anamenya chitsulo, Vieira anamenya chitsulo cham'mwamba, Popescu n'kumaliza, 4-1. Koma mfundo yanga ndi iyi, ndipo mumve bwino: Hagi wanuyo sanamalize masewerowo. Anapatsidwa kadi yofiira kumayambiriro kwa nthawi yowonjezera atamenya Tony Adams kumsana. Pa tsiku lalikulu kuposa onse m'mbiri ya timu yake, mkulu wa zaka 35 anasiya anzake ali khumi. Chikho anamutengera ndi Taffarel ndi Popescu.

Aphunzitsi Opuma: Apa ndiye sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Adams anamugwiragwira, inde, ndipo naye analandira yachikasu, koma munthu wamkulu ngati uja sankayenera kugwera mumsampha umenewo. Ndipo si tsiku lokhalo. Patangotha milungu yochepa, pa Euro 2000, mu kotafainolo ndi Italy ku Brussels, analandira makadi awiri achikasu motsatizana, yoyamba atamuponda moipa Antonio Conte, yachiwiri oyimbira atati wadzigwetsa m'bokosi. Anatuluka akukalipa, Romania n'kugonja 2-0. Amenewo ndiwo anali masewero ake omaliza a mpikisano mu jezi ya dziko lake. Chaka chake chomaliza ku Turkey analandiranso chilango cholimba atalimbana ndi oyimbira. Mtima wake unali wapachala, ndipo amene amamukonda asamabise zimenezi.

Koma kunena kuti chikho anamutengera ndi ena, ayi. Funsani kuti Galatasaray inafika bwanji ku Copenhagen. Anafika ku Istanbul mu 1996 ali ndi zaka 31, anthu akuti wabwera kudzadya penshoni. Kochi Fatih Terim anachita chimene Madrid ndi Barcelona sanachite, anamuzunguliza ndi anyamata othamanga ngati Okan, Emre ndi Suat, kutsogolo Hakan Şükür, n'kumuuza kuti iwe ganiza, awa akuthamangira. Anatenga ligi ya Turkey kanayi motsatizana, kuyambira 1997 mpaka 2000. Pa ulendo wa UEFA Cup anachotsa Bologna, Borussia Dortmund, Mallorca ndi Leeds, ndipo ku Elland Road Hagi ndi amene anagoletsa penate yoyambirira pa masewero amene anali ndi mkwiyo waukulu, pajatu ochemerera awiri a Leeds anali ataphedwa ku Istanbul masewero oyamba asanachitike. Chinali chikho choyamba cha ku Ulaya kutengedwa ndi timu ya ku Turkey. Mu August chaka chomwecho anagonjetsanso Real Madrid 2-1 mu Super Cup, zigoli za Jardel, Hagi ali m'bwalo kukumana ndi timu imene inamugulitsa.

Blues wa ku Area 25: Nyengo imene anatenga UEFA Cup yomweyo Chelsea inakawachapa 5-0 kwawo komweko ku Istanbul mu Champions League. Ndangoti ndikumbutse.

Gunner Mpaka Kale: Ndipo mukanapanda kuwatulutsa m'gulu limenelo sakanabwera ku UEFA Cup kudzatizunza. Mlandu wonsewu ndi wanu.

Admin: Akuluakulu, za Arsenal ndi Chelsea zili ndi ulusi wake. Pano tikambe za Romania.

Wa ku Chipata: Admin mutilole pang'ono, chifukwa a Romania ndi a England amakumana kawirikawiri m'nkhaniyi. Mu 1998 ku Toulouse Romania inapambana 2-1, Moldovan anagoletsa atalandira mpira kwa Hagi, kamnyamata Michael Owen kanabweza, Petrescu n'kumaliza pa mphindi yotsiriza atamupitirira Le Saux, mnzake wa ku Chelsea. Atadutsa m'gulu timu yonse inapaka tsitsi utoto wachikasu pa masewero a Tunisia. Ankaoneka ngati anapiye, wolengeza pa TV ankavutika kudziwa kuti uyu ndani. Kuyambira pomwepo mpira unawathawa, anafanana mphamvu 1-1 ndi Tunisia, Croatia n'kuwatulutsa ndi penate ya Šuker. Agogo anga anati utoto uja ndi umene unachotsa mwayi.

Nachisale ku Glasgow: Ndipo chiyambire 1998 imeneyo zaka zadutsa zambirimbiri, World Cup ya 2002 mpaka ya 2022 yonse Romania kulibe. Ya 2002 anaiphonya Hagi yemweyo ali kochi, atangosiya kusewera mu 2001, Slovenia inawachotsa pa masewero odulirana. Ukochi wake poyamba sunayende, ankakangana ndi eni matimu n'kuchoka, ngakhale anatengako chikho cha Turkey ndi Galatasaray mu 2005 poswa Fenerbahçe 5-1.

Ine mpira wake sindinauone ndi maso, ndinali mwana. Ndinamudziwa kudzera mwa mwana wake Ianis, amene anabadwira ku Istanbul mu 1998 ndipo anadzasewera kuno ku Rangers, n'kutenga nawo ligi ya Scotland mu 2021 pansi pa Steven Gerrard. Kuntchito ndili ndi mnzanga wa ku Romania, mayi wachikulire amene sasamala za mpira ngakhale pang'ono. Tsiku lina pa tiyi ndinangotchula dzina loti Hagi. Anaika kapu pansi n'kuyamba kundifotokozera mmene anthu anakhamukira m'misewu ya Bucharest pakati pa usiku atagonjetsa Argentina, iye ali mtsikana, atavala zogonera, dziko lili pa umphawi wadzaoneni zaka zochepa chigwere chikomyunizimu. Kwawo amangomutchula kuti Regele, kutanthauza mfumu. Ku Galatasaray amati Comandante.

Madala a ku Chirimba: Mayi mwakumbutsa za mwana wake, nenaninso za sukulu ya mpira ija. Kwa ine n'chimene chimamusiyanitsa ndi akatswiri ambiri amene akasiya mpira amangokhala pa TV kunyoza anzawo.

Nachisale ku Glasgow: Mu 2009 anabwerera kwawo ku Constanța n'kutsegula sukulu yophunzitsa ana mpira ndi ndalama za m'thumba mwake, pamodzi ndi timu yotchedwa Viitorul, dzina lotanthauza tsogolo. Iye mwini timu, kenako iye yemweyo kochi, ndiye panalibenso womuchotsa ntchito. Mu 2017 timu ya anyamata akeyo inatenga ligi ya Romania pamaso pa zimphona za ku Bucharest. Mu 2021 anaiphatikiza ndi Farul, timu imene anayambira ali mwana, ndipo mu 2023 Farul inatenga ligi. Răzvan Marin, amene anadzapita ku Ajax, anadutsa m'manja mwake. Pa Euro 2024, pomwe Romania inaswa Ukraine 3-0 n'kutsogola gulu lake, munali anyamata angapo a ku sukulu imeneyo kuphatikizapo Ianis, ndipo kochi anali Edward Iordănescu, mwana wa Anghel wa 1994 uja.

Gunner Mpaka Kale: Mwaona? Ngakhale ukochi unamuyendera pokhapokha atadzimangira timu yakeyake yomwe palibe womuuza chochita. Ndi zimene ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa.

Aphunzitsi Opuma: Ndiye kuti tikunena chinthu chimodzi, bambo, kungoti inu mukuchitcha mlandu pomwe ine ndikuchitcha chibadwa. Zigoli 35 za dziko lake, zomwe ndi Adrian Mutu yekha amene anazifikako, pa masewero oposa 120, World Cup zitatu, Euro zitatu. Zonsezo anazichita m'timu imene inavomera kuti mpira uzidutsa pa phazi lake. Ine ndikanakhala kochi wa timu yodzaza akatswiri mwina sindikanamugula. Ndikanakhala kochi wa dziko laling'ono lofuna kugwetsa Argentina, ndi woyamba amene ndikanamulemba.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Nanga iye ndi Stoichkov wamkulu ndani? Poti onse amanzere, onse aukali.

Madala a ku Chirimba: Iwe mwana ukufuna tigone pano? Stoichkov anali mpeni, Hagi anali dzanja logwira mpeni. Koma pa Euro 96 Romania itakumana ndi Bulgaria ya Stoichkov ku Newcastle, Bulgaria ndi imene inapambana 1-0, chigoli cha Stoichkov yemweyo. Tsiku limenelo Dorinel Munteanu wa Romania anawomba mpira unagunda chitsulo cham'mwamba n'kugwera mkati mwa mzere, aliyense anaona kupatula oyimbira ndi womuthandiza wake. Kukanakhala makina a masiku anowa bwenzi chili chigoli.

Wa ku Chipata: Ndipo musaiwale kuti Africa inamulawitsako. Italia 90, Cameroon 2 Romania 1, zigoli zonse ziwiri za Roger Milla, mdala wa zaka 38 kuvina pa mbendera ya kona. Hagi anali m'bwalo tsiku limenelo.

Kamnyamata ka ku Ndirande: Ndaipeza ya Argentina yonse, ola limodzi ndi mphindi makumi asanu. Bandulo yanga ndi ya usiku, ndiyamba 11 koloko. A Gunner, ya Copenhagen ija ndionerenso kapena ndikusiyireni?

Gunner Mpaka Kale: Onera mpaka pomwe Hagi akutuluka ndi kadi yofiira, ukafika pamenepo uzimitse foni ukagone.